Pakhomo Pathu: Posankha tochi, ganizirani phazi lanu

Dzuwa likalowa kuseri kwa mapiri a Kirk Range, ntchito za pakhomo sizithera pomwepo. Wina akatseke khola, wina aperekeze mwana ku chimbudzi, wina ali m'njira kuchokera ku chigayo kapena ku msika wa Lizulu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno amaunikira ndi magetsi, pamene opitirira theka amadalira tochi ndi nyali za mabatire. Choncho kwa ambiri a ife kuno ku Ntcheu, tochi ndi mbali ya chitetezo cha banja.

Taganizani za mphiri. Njoka zambiri zikamva mgugu wa mapazi zimathawa, koma iyo imangogona phee m'njira mpaka munthu ataiponda. Bungwe la WHO limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse pa dziko lonse chifukwa cholumidwa ndi njoka, ndipo mu 2017 linaika vutoli m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha. Njira ziwiri zosavuta zodzitetezera ndi kuvala nsapato zotseka ndi kuunika pamene mukuponda. Izi n'zofunika kwambiri kumadera otentha ngati ku chigwa cha Bwanje, makamaka nyengo ya dzinja pamene udzu watalika.

Nanga tochi yabwino mungaidziwe bwanji?

Yambani ndi kuwala. Mphamvu ya kuwala kwa tochi za LED amaiyeza m'ma lumens. Poyenda pakhomo ndi m'tinjira ta m'mudzi, ma lumens 100 mpaka 300 ndi okwanira. Mukaona katochi kolowa m'thumba kolembedwa kuti 100,000 lumens, dziwani kuti ndi bodza la malonda. Funani tochi yoti mutha kuchepetsa kapena kuwonjezera kuwala kwake, chifukwa ikamayaka pang'ono moto umakhalitsa masiku angapo. Kumtunda ngati ku Tsangano, kumene nkhungu imachuluka nthawi yozizira, kuwala kwambiri kumangobwerera m'maso mwanu. Chepetsani ndipo lozetsani pansi. Onaninso kuti ikuunika motambalala, osati kadontho kamodzi kakutali, pakuti njoka imakhala pafupi ndi phazi.

Chachiwiri ndi batire. Tochi zambiri zabwino zimayendera batire ya lithium yotchedwa 18650, yomwe ndi yaikulupo kuposa batire ya m'wotchi ya pakhoma. Yeniyeni sipitirira kwenikweni 3,500 mAh, ndiye yolembedwa 9,900 mAh koma yopepuka ngati chitsononkho isakunyengeni. Sankhani tochi yomwe batire yake imachoka, kuti ikatopa mugule ina m'malo motaya tochi yonse. Tochi zina zikuluzikulu zotchipa zimakhala ndi batire ya mtovu, yofanana ndi ya galimoto. Imeneyi ikakhala nthawi yaitali yopanda moto imaferatu.

Chachitatu, mudzaitchaja kuti? Tochi yokhala ndi mano olowetsa pakhoma imafuna magetsi a ESCOM basi. Ngati kwanu kulibe, mudzakhala mukulipira potchajitsa mafoni masiku onse. Tengani yotchajira ndi chingwe cha USB chofanana ndi cha foni yanu, kuti sola ya pakhomo igwire ntchito zonse ziwiri. Kasola kakang'ono komamatira pa tochi zina sikangaidzaze tsiku limodzi, ndiye musadalire iko kokha.

Chachinayi ndi mvula. Chizindikiro cha IPX4 chimatanthauza kuti tochi imapirira madzi owazikira, pamene ya IPX7 itha kumira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 osaonongeka. Ngati palibe cholembedwa, onani ngati pali kamphira kotseka potchajira ndi pamene pamalowa batire.

Musanapereke ndalama, iyatseni ndi kuizimitsa kangapo, kenako igwedezeni ikuyaka. Ikaphethira, isiyeni pomwepo. Ndipo ngati mumathirira dimba m'bandakucha, kusamalira wodwala usiku kapena kutunga madzi mochedwa, tochi yovala pamutu idzakumasulani manja onse awiri.

Mukaigula, isamaleni. Musadikire kuti moto utheretu musanaitchaje. Musaisiye padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, chifukwa batire ya lithium ikatentha kwambiri itha kuyaka. Ikatupa, lekani kuigwiritsa ntchito, ndipo musaiponye pamoto kapena kupatsa ana kuti aziseweretsa. Aphunzitseninso ana kuti asamaunikane m'maso. Tochi ikhale ndi malo ake amodzi, monga pa msomali pafupi ndi chitseko, poti aliyense angaipeze ngakhale mumdima.

Kwa ife osunga Sabata, Lachisanu ndi tsiku lokonzekera. Pamene mukusita zovala ndi kukonza chakudya, tchajaninso tochi dzuwa lisanalowe. Potuluka ku mapemphero otsekera Sabata kapena ku msonkhano wa misasa, ambiri timabwerera kutada. Fanizo la anamwali khumi pa Mateyu 25 likunena za kukonzekera kubwera kwa Ambuye, komabe nzeru yake imafika mpaka pakhomo: nyali imakonzedwa mdima usanagwe.

Inu amene njira yanu imadutsa m'mbali mwa msewu wa M1, kaya ku Mlangeni, ku Biriwiri kapena ku Kampepuza, yendani ku dzanja lamanja, moyang'anizana ndi galimoto zobwera. Tochi iziyaka ndipo iziloza pansi kuti dalaivala akuoneni popanda kumuthobwa m'maso.

Ngozi ikachitikabe, munthu n'kulumidwa ndi njoka, musateme pabalapo, musayamwe ululu, ndipo musamange mothinitsa. Mvuleni mphete ndi zibangili malowo asanatupe, asayendeyende, ndipo thamangirani naye ku chipatala chapafupi nthawi yomweyo osadikira kuti kuche.

Mukamapita ku msika sabata ino, tengani chingwe chotchajira foni yanu kuti mukayesere pomwepo. Ndi bwino kuwonjezera pang'ono pa tochi yoti ikutumikireni zaka zingapo kusiyana ndi kugula yotchipa mwezi ndi mwezi, n'kudzakuzimirani usiku umene mwana wadwala.