Njinga timaisamala, nanga kabudula wamkati?

Amene amapalasa njinga ku Thyolo amadziwa kuti malo athyathyathya kuno ndi osowa. Ukangotsiriza chitsetso, chitunda chakudikira kale. Komabe m'mamawa uliwonse misewu yodutsa m'minda ya tiyi ya Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba imadzaza ndi njinga. Wothyola tiyi akuthamangira kuntchito, mlonda akuweruka, mlimi wamanga chigubu cha mkaka pakaliyala, wakabaza wanyamula mayi wopita kumsika wa Bvumbwe. Palibe amene wavala zothina zija za ampikisano wa Tour de France. Aliyense wakwera ndi zomwe aswere nazo: ovolosi, thalauzi la kaunjika, siketi ndi chitenje.

Anthuwa njinga amaisamala. Tcheni ikalira, oilo apezeka. Tayala likaphwa, amata pomwepo. Koma mukaona munthu akupalasa choimirira pamalo oti palibe chitunda, kapena atakhalira tako limodzi, dziwani kuti vuto si la njinga. Akuluakulu mundikhululukire, lero tikambe za kabudula wamkati.

Munthu wopalasa mwachifatse amazunguza mwendo pafupifupi kamodzi pa sekondi. Pa ola limodzi ndi maulendo oposa 3,000, ndipo ulendo uliwonse nsalu imakhula khungu la m'mphechepeche. Khungu louma limapirira. Lonyowa limafewa, n'kuyamba kusupuka. Tsono tiyi amachuluka nthawi yamvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, pamene kunja kukutentha, thukuta lili kamukamu, masamba a tiyi nawo akunyowetsa munthu mpaka m'chiuno. Poweruka amakwera njinga ndi chinyezi chomwecho. Chotsatira ndi zilonda, zithupsa pamalo okhalira, ndiponso kuyabwa kwa chipere cha m'mphechepeche, chomwe chimakonda malo ofunda ndi onyowa.

Choyamba kuyang'ana pogula si mtundu kapena dzina lolembedwa palamba. Tembenuzani kabudulayo muone misoko. Msoko wokhuthala wodutsa pakati, pamene thupi limatsamira chishalo, ndiye mdani wanu. Funani wa misoko yosalala, kapena yopita m'mbali. Chachiwiri ndi saizi. Bokosa wotaya amapindika n'kuunjikana pamalo amodzi, ndipo mapindo akewo amacheka ngati chingwe. Wothina kwambiri naye lasitiki yake imadya pamene mwendo umapindikira. Wabwino ndi wogwira thupi mosafinya, wa miyendo yotsikirako pang'ono kuti ntchafu zisakhulane. Ndipo jinzi, ngakhale ili yolimba, ili ndi mfundo ya misoko inayi pakati penipeni. Paulendo wautali thalauzi la nsalu yofewa limaposa.

Nanga nsalu? Tinakula tikumva kuti ya thonje ndiyo yabwino, ndipo n'zoona kwa munthu wokhala pamthunzi kapena wopalasa mtunda waufupi. Vuto la thonje n'lakuti limamwa thukuta n'kulisunga. Wakabaza woswera pachishalo angathandizidwe ndi nsalu yopyapyala youma msanga, ngati ya makabudula a mpira. Kwa amayi, azaumoyo amalimbikitsabe thonje, chifukwa nayiloni yothina imasunga kutentha ndi chinyezi ndipo imatha kuyambitsa mauka. Njira yogwira onse ndi imodzi: tengani kabudula wina wouma m'kajumbo, mukafika musinthe. Ngakhale ampikisano aja savala kanthu mkati mwa makabudula awo okhala ndi kasiponji, ndipo akangotsika panjinga amavula n'kuchapa. Iwonso chimene amathawa ndi misoko ndi chinyezi.

Amayi ali ndi mtolo wina. Kuyambira 1973 mpaka 1993 lamulo m'dziko muno linkaletsa mkazi kuvala thalauzi, ndipo mu Januwale 2012 mavenda ena m'mizinda anali akuvulabe amayi chifukwa cha zovala. Kumudzi maso a anthu sanasinthe kwenikweni. Ndiye mayi amapalasa ndi panti, pitikoti, siketi, pamwamba chitenje, dzanja limodzi likugwira nsalu kuti mphepo isamuyalutse. Amene anatulukira zovala taiti yofika m'maondo mkati mwa siketi anachita bwino. Ulemu ulipo, ntchafu zatetezeka, manja onse ali pa mabuleki.

Za kaunjika ndinene mosabisa. Dziko la Zimbabwe linaletsa kulowetsa zovala zamkati zovalidwapo kale kumapeto kwa 2011. Kwathu kuno ambiri ndi kumene thumba limafikira, ndipo sindingawaseke. Koma lasitiki ikakhala yotha, musagule ngakhale mtengo utsike bwanji. Mukagula, chapani ndi sopo m'madzi otentha, muyanike padzuwa, musite.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Titha kusankha bwino pamsika, koma tikafika kunyumba manyazi amationongera. Kabudula wamkati timamuyanika kuchipinda, kuseri kwa chitseko, mwina pansi pa thaulo. Ena amaopa apongozi, ena amaopa kuti wina angam'tenge n'kukachitira zamankhwala. M'nyumba za ogwira ntchito m'maesiteti, momwe makomo amayang'anizana, manyaziwo amachuluka. Ndiye chiperoni chikabwera m'miyezi yozizira, nkhungu ndi mvula yowaza masiku angapo osaleka, kansalu kaja sikauma. M'mawa munthu amavala konyowa n'kukwera njinga. Matenda a pakhungu sangafune china choposa pamenepo. Mangani chingwe kuseri kwa bafa pomwe dzuwa ndi mphepo zimafika. Osayanika paudzu kapena pansi, chifukwa ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pamenepo. Kabudula akakana kuuma, simbi imalize ntchito.

Chishalo nachonso chionedwe. Chikakwera kwambiri, chiuno chimagwedera uku ndi uku, kukhulana n'kuwonjezeka. Chikaloza m'mwamba chimafinya kutsogolo. Jumbo yokutira chishalo ndi yothandiza njinga ikaima pamvula, koma kukhalira pulasitiki ulendo wonse n'kudziphika ndi thukuta. Mafuta a Vaseline pang'ono pamalo okhulana, musananyamuke, amathandiza. Koma chithupsa chikakula, kapena kuyabwa kukakana kutha, pitani kukiliniki ya pa esiteti, ku Malamulo kapena kuchipatala chachikulu cha Thyolo. Mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa pamsika amaziziritsa kuyabwa kwa masiku ochepa, kenako chipere chimafalikira kuposa kale.

Wothyola tiyi amawerengera makilogalamu, wakabaza amawerengera maulendo. Tsiku limene wagona chafufumimba chifukwa cha chithupsa, sikelo simulembera kanthu, ndipo makasitomala akwera njinga ya mnzake. Pa ndalama ya mwezi uno, pambali pa chubu ndi mabuleki, ikanipo makabudula amkati awiri kapena atatu abwino. Ndipo mukachapa, ayanikeni padzuwa. Aneba nawonso amavala.