Kulira kwa sayirini pakokha sikupulumutsa moyo

Namondwe wa Freddy, yemwe mu Marichi 2023 anapha anthu oposa 600 ndi kusowetsa pokhala ena oposa 500,000 m'chigawo cha kummwera, anasiya funso lomwe adindo akuyenera kuliyankha dzinja lililonse: chenjezo likamveka pamudzi, kodi anthu akudziwa chochita?

Kudzera mu ntchito ya M-CLIMES, yomwe nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA inagwira mothandizidwa ndi bungwe la UNDP, zipangizo zochenjeza za kusefukira kwa madzi zinaikidwa pa mitsinje ina m'maboma monga Karonga, Salima ndi Phalombe. Kachipangizo ka kumtunda kamayeza kukwera kwa madzi. Akafika pa mlingo woopsa, uthenga umapita pa mafoni a akuluakulu a makomiti a m'midzi ya kumunsi, ndipo sayirini imalira. Mamembala a komiti amafalitsa uthengawo ndi zimkuzamawu, mawenzulo kapena ng'oma.

Nthawi ya pakati pa kulirako ndi kufika kwa madzi imakhala yochepa. Choncho munthu akamva sayirini asapite kumtsinje kukaona ngati madziwo akubweradi. Atenge ana, okalamba, odwala ndi anthu aulumali, anyamule mankhwala ndi ziphaso, n'kulunjika kumalo okwera omwe mudzi unagwirizana kale. Asawoloke madzi othamanga, asabwerere kukapulumutsa ziweto, ndipo akhale komweko kufikira adindo atanena kuti zinthu zili bwino.

Apa ndi pomwe pagona ntchito ya makhonsolo. Sayirini sinena kolowera. Mudzi womwe sunasankhe sukulu kapena tchalitchi chothawirako, ndiponso sunayeserepo kusamuka dzuwa likuswa mtengo, udzasokonezeka ikadzalira pakati pa usiku mvula ikukhuthuka. Masiku oyesa makinawa azilengezedwa kudzera kwa mafumu, chifukwa anthu akazolowera kuyimva ikulira popanda chifukwa amaleka kuyilabadira. Mabatire ndi masola ake azitetezedwa kwa akuba ndi kuunikidwa mvula isanayambe.

Adindo akumbukirenso kuti chipangizo cha pamtsinje sichiona napolo. Matope omwe anakwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre anatsika kuchokera m'phiri la Soche. Anthu okhala m'mphepete mwa mapiri ayenera kusamuka potsatira uthenga wa nthambi yoona zanyengo pawailesi, osadikira sayirini.

Lamulo la 1991 loona za ngozi linabwera anthu atafa kale ndi napolo ku Phalombe, ndipo lomwe linalowa m'malo mwake mu 2023 linavomerezedwa Freddy atadutsa. Kuphunzitsa midzi tanthauzo la sayirini ndi ntchito yomwe makhonsolo angathe kuyigwira maliro asanachitike.