Agogo Si Mfiti

M'midzi ya ku Kasungu, agogo ambiri ndiwo alera ana amasiye. Asoka fodya m'chigafa, adikira ndalama za ku Chinkhoma kuti apeze fizi, madzulo n'kuphunzitsa adzukulu Pemphero la Ambuye. Koma mwana akangotentha thupi, mneneri wa dzulodzuloli amaloza nkhalamba yomweyo kuti ndiyo mfiti, ndipo adzukulu amatola miyala.

Chikhulupiriro chanji chimenechi? Makolo ankati akulu ndi m'dambo mozimira moto. Lero moto ukuyatsidwa padenga pawo. Lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti, ndipo lamulo la Mulungu lolemekeza atate ndi amayi silinafafanizidwe. Mneneriyo alibe chipangizo choyezera malungo. Chili kuchipatala, komwe mwanayo akanafika dzuwa lisanatenthe.