Phunziro la Mluza Liyambe ndi Funso

Aphunzitsi ambiri tikafika pa phunziro la kakulidwe ka mluza timajambula dzira pabolodi, kenaka mbululu, kenaka chule, ana nakopera m'makope mwao. Ine ndikuti njira imeneyi imakwirira funso lenileni: kodi dzira lobulungira lidziwa bwanji kumene kudzakhale mutu ndi mchira, msana ndi mimba?

M'chaka cha 1924, Hans Spemann ndi Hilde Mangold a ku Germany anafalitsa zimene anapeza pa mluza wa newt, kanyama kam'madzi kachibale ndi chule. Anadula kachidutswa chakumsana kwa mluza umodzi nakaika kumimba kwa mluza wina, ndipo pamenepo panamera msana wachiwiri. Mbali yaikulu ya msanawo inapangidwa ndi maselo a mluza wolandirawo, kusonyeza kuti kachidutswako kanali kulamula maselo oyandikana nako. M'chaka cha 1969, Lewis Wolpert anafotokoza kuti selo limazindikira malo ake poona kuchuluka kwa mankhwala amene alifikira.

Lero tikudziwa maina a mankhwalawo. Puloteni yotchedwa BMP imachuluka kumimba, pamene kachidutswa kakumsana kaja kamatulutsa noggin ndi chordin, zimene zimaimanga BMP kuti isagwire ntchito. Kumene BMP yachepa kumapangika ubongo ndi mtsempha wamumsana. Kumene yachuluka kumapangika khungu. Chimodzimodzinso Wnt imachuluka kumchira nichepa kumutu.

Ena adzati izi n'zozama, ndipo sukulu zathu zambiri zilibe zipangizo. Nkhawa yao ndi yomveka, pakuti mayeso sadikira munthu. Koma mwana aliyense anaothapo moto, ndipo adziwa kuti ngakhale atatsinzina angathe kunena ngati wakhala pafupi kapena patali. Dontho la inki papepala lonyowa limaonetsa zomwezo: pakati pamada bii, m'mphepete mukumbuwa. M'nyengo yadzinja mazira a chule sasowa m'madambo. Ana awasunge m'botolo la madzi, najambule tsiku ndi tsiku zimene aona ndi maso ao.

Tichenjere pa chinthu chimodzi. Moto ndi fanizo chabe, pakuti m'mluza mankhwala angapo amalimbana nthawi imodzi, ndipo tiyenera kuwauza ana choncho. Maina a BMP ndi Wnt angathe kuwaiwala mayeso akatha. Chimene tiyenera kuyesetsa kuti chitsale m'mitu mwao ndi mfundo yakuti selo limasanduka chimene lisanduka chifukwa cha malo amene lili.