Beni wa ku Harare ndi Zidzukulu za Machona



Mwezi uno ndifuna kuceza nanu za gule wathu wa beni, amene ndamuona akubvinidwa kutali ndi kwao, mu mzinda waukulu wa Harare m'dziko la Zimbabwe. Ine mwini sindinapondeko kumeneko; guleyo anandipeza ndiri pakhonde panga kuno ku Namwera, atalowa m'lamya ya m'manja, ndipo anadza ndi mlandu umene sunathe pamudzi pathu kufikira lero.

Nkhani yake inayamba cotere. Mnyamata wina wa kuno, woyenda malonda ku Harare, anapita tsiku Lamulungu ku Mbare, kumene kuli msika waukulu ndi pokwerera mabasi. Ali komweko anamva ng'oma ndi wezulo, ndipo polondola anapeza amuna obvala yunifolomu ndi zisoti, nyota ziri pacifuwa, akuguba m'mizere, akazi akuimba pambuyo pao. Ndipo nyimbozo zinali za Ciyao. Anthuwo anali kukonzekera mpikisano wa magule. Gule atatha, mnyamata wathu anapatsa moni mmodzi wa obvinawo m'Ciyao, koma uja anangoseka mwamanyazi, nayankha m'Cishona. Atayesa Cingerezi anamvana. Wobvinayo anati agogo ake aamuna adacokera ku Nyasaland, ndi kuti za kwaoko adziwa maina awiri okha, Jalasi ndi Fort Johnston. Anatinso wakhala akufunafuna Fort Johnston pa mapu osampeza. Mnyamata wathu anamuuza kuti Fort Johnston ndiye Mangochi wa lero, ndipo Jalasi ndiyo mfumu yathu kuno ku Namwera. Anatenga dzina la agogowo, nabwera nalo kuno, nafunsafunsa m'midzi. Ndipo kunapezeka kuti munthuyo ndiye mlongo wao wa anganga anga obala amai, amene adacoka pamudzi caka ca 1957 osabweranso.

Cotero wobvina uja ndi msuweni wanga. Ananditumizira kanema wa gule wao pa WhatsApp, napempha kuti ndimmasulire nyimbo zimene wakhala akuimba ciyambire ubwana wake osadziwa cimene zinena. Ndinapita nayo lamya kwa anganga, amene maso ao acita khungu tsopano, koma makutu akali akuthwa. Anamvetsera ali cete kufikira kanema anatha, nati m'Ciyao: "Mauwo awatafuna, koma ng'omayo ndi yathu." Atakhala kanthawi anafunsa: "Nanga mlongo wangayo adamuika ndani?" Ndinalemba funsolo, ndipo yankho linadza madzulo omwewo: adamwalira caka ca 1994, ndipo anzake a beni ndiwo adasonkha ndalama, nakumba manda, nanyamula maliro. Anganga anagwedeza mutu nati: "Ndiye kuti anali nao anthu."

Inu acinyamata, kapena simudziwa cimene cidacotsa makolo athu m'midzi. Boma la Angerezi lidaika msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, pamene ndalama kuno zinali zosowa, ndi malipiro a m'minda ya Azungu anali ocepa ndithu. Ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, kunali migodi monga Shamva ndi Wankie, minda ya fodya, ndi nchito za m'nyumba ndi za m'mafakitale ku Salisbury, mzinda umene udachedwa Harare caka ca 1982. Oyamba adayenda pansi kudzera ku Mwanza ndi ku Tete, naoloka Zambezi. Pambuyo pake kudadza magalimoto a Ulere ndi bungwe lolemba anthu nchito lochedwa Mthandizi, ndipo ena adapitirira ku Joni ndi Wenela. M'zaka za Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, njira idatseguka koposa. Aliyense pocoka adanena kuti akakhala zaka ziwiri zokha, agule njinga ndi nsalu, abwerere. Koma ena adakwatira komweko, ena adacita manyazi kubwera cimanjamanja, ndipo kuno tidawacha machona.

Tsono beni amene iwo adapita naye, kodi anali wa makolo akalekale? Iai, nayenso adafika kuno ngati mlendo. Dzina lake licokera ku liu la Cingerezi lonena gulu la asilikali oimba malipenga. Adayamba m'zaka za m'ma 1890 m'mizinda ya Aswahili ya m'mbali mwa nyanja yamcere, monga Mombasa ndi Lamu, kumene anyamata ankatsanzira perete wa asilikali a Azungu, napikisana magulumagulu. Magulu awiri ochuka m'dziko limene Ajeremani ankalamulira, lija lidachedwa Tanganyika, anali Marini ndi Arinoti. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, asilikali a Keyala ndi amtengatenga ocokera kuno adamuona kumeneko, nabwera naye kwao. Atonga a ku Nkhata Bay ali ndi malipenga, a m'cigawo capakati ali ndi mganda, ndipo onsewa ndi a banja limodzi; ife Ayao a ku Mangochi, Machinga ndi Zomba tidasunga dzina lomwelo la beni. Katswiri wa mbiri Terence Ranger adalemba buku lathunthu la guleyu caka ca 1975. Ku Zimbabwe achedwa Beni Arinoti, dzina limene layenda kucokera kunyanja yamcere, kudzera m'midzi yathu, kukafika ku Mbare.

Cifukwa ninji gule wacilendoyu adagwira mitima ya amuna a paulendo? Pakuti mu beni muli maudindo: muli kingi, akapitao, asajeni, dokotala ndi anamwino. Munthu amene sabata yonse ankachedwa boyi kukhichini kwa Mzungu, Lamulungu ankabvala nyota nalamulira perete, anthu namuombera m'manja. Ndiponso gulu linali ndi msungicuma, ndipo ankasonkherana pa matenda ndi pa maliro, monga adacitira kwa mlongo wa anganga. J. Clyde Mitchell, amene adakhala pakati pa Ayao a dziko lino m'zaka za m'ma 1940, adalemba caka ca 1956 za gule wa kalela, mbale wake wa beni, monga adamuonera ku Luanshya kumigodi ya m'dziko la Zambia; ndipo adaonetsa kuti mu mzinda wodzaza mitundu yosadziwana, gule ndiye ankauza anthu kuti uyu ngwa mtundu uti.

Koma tamvani bvuto la ana obadwira kumeneko. Kwa Ashona mwana ndi wa kwa atate ake, ndipo atenga mfunda wao, umene iwo aucha mutupo. Kwa ife Ayao ndi Anyanja mwana ndi wa kwa amai ake, wa m'mbumba ya malume wake. Tsono Myao akakwatira mkazi wa Cishona, mwana wao ngwa yani? A kucikazi amuuza kuti kwanu ndi kwa atate ako ku Malawi. Ife kuno tinena kuti kwao ndi kwa amai ake ku Zimbabwe. Aliyense watsata mwambo wake molungama, ndipo mwana watsala panja. Anthu otere adachedwa Mabhurandaya, ndiko kuti a ku Blantyre, ndipo powanyoza ankati ndi opanda mutupo. Caka ca 2001 lamulo la unzika m'dzikomo lidasinthidwa, lidafuna kuti aliyense amene akadatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzika umenewo pa miyezi 6; ambiri obadwira komweko, osadziwa ngakhale njira ya ku Malawi, adapezeka ali alendo pa zitupa zao, nalephera kubvota. Malamulo aakulu a dzikolo a caka ca 2013 ndiwo adabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lao lidacokera m'maiko oyandikana nao monga lathuli.

Poganizira zimenezi mudzamvetsa cimene tsiku la magule litanthauza kwa munthu ngati msuweni wanga. Mpikisano umene ankakonzekera uja ndi Chibuku Neshamwari, umene udayamba caka ca 1963. Magulu apikisana m'zigawo, ndipo opambana akomana pa bwalo limodzi la dziko lonse. Pamenepo, pambali pa mbende wa ku Murehwa ndi muchongoyo wa Andau, pamalowanso beni, cimtali ndi Gule Wamkulu wa Acewa, amene Ashona amucha zvigure. Caka ca 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza Gule Wamkulu kuti ndi cuma ca anthu a pa dziko lonse lapansi, m'dzina la Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo caka comweco lidalengezanso mbende m'dzina la Zimbabwe. Pa bwalo lotero munthu uja ankanenedwa kuti alibe mutupo aimirira pamaso pa khamu, naonetsa kuti ali nako kumene adacokera. Ici ncinthu cabwino zedi, ndipo onse okonza masiku otere ayenera kuyamikidwa.

Komabe mau a anganga andikhala pamtima. Ng'oma idayenda bwino zaka zonsezi, pakuti manja aphunzira poona. Cinenero ndico cidafooka, cifukwa cimafuna munthu wolankhula naye tsiku ndi tsiku. Mdzukulu aimba mau otafunika, ndipo mwana wake adzaimba phokoso lokha. Gule sangamuuze dzina la mudzi, sangamuonetse manda a makolo, sangamuuze kuti kuli nkhalamba ku Namwera imene yakhala zaka zoposa 60 ikufunsa apaulendo za mlongo wake. Zimenezo ziri m'manja mwa ife otsala kumudzi, ndipo tikapanda kuzipereka palibe wina adzazipereka.

Apa ndipo pali mlandu ndinanena uja. Msuweni wanga analemba kuti afuna kudzaceza mvula ikatha. Nkhaniyi itamveka, amalume ena anayamba kung'ung'udza. Anati minda kuno yacepa, pakuti anthu taculuka ndipo malo ambiri ali m'maesiteti a fodya, tsono munthuyu akudzafuna munda wa agogo ake. Ena anafunsa kuti kodi adzabwera ndi ciani, popeza agogo akewo sadatumizepo ngakhale bulangete. Nkhawa ya minda njoona, sindiikana. Koma ndinawakumbutsa kuti pa mwambo wathu womwewu mwana wa kucimuna salowa munda wa mbumba, ndipo ndinawawerengera zimene iye wapempha m'makalata ake: dzina la mudzi, mfunda wa agogo ake, malo amene amai a agogowo adaikidwa, ndi kuona nkhope ya anganga. Za agogo ake osatumiza kanthu, kodi mdzukulu alipire mangawa a munthu amene ali m'manda? Anganga anangoti: "Abwere ndikali moyo, adzagona m'nyumba mwanga." Amalume sanayankhe, ndipo kufikira lero sanandifunse tsiku limene mlendoyo adzafike.

Musaganize kuti iyi ndi nkhani ya kale yokha. Boma lidaletsa Wenela caka ca 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha amuna a kuno obwerera kumigodi. Koma lero anyamata ndi atsikana athu apita okha, pa mseu womwe uja wa Tete, kudzera ku Nyamapanda ndi Beitbridge. Ndi mudzi uti kuno umene ulibe mwana ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town? Pa zipolowe zothamangitsa alendo za 2008 ndi 2015 mabasi adabwera nao, ambiri a iwo a boma lathu lino la Mangochi, ndipo pambuyo pake ena adabwereranso. Ana ao akubadwira kumeneko, akulankhula Cizulu ndi Cingerezi. Pa 24 Sepitembala, tsiku limene dziko la South Africa likumbukira miyambo ya anthu ake, ana a sukulu amabvala zobvala za mitundu yao, ndipo mwana wa Mmalawi afunsa amai ake kuti ine ndibvale ciani. Pa 6 Julayi Amalawi a m'mizinda imeneyo asonkhana, naphika nsima, nabvina za kwao. Zikadzapita zaka 40, kodi zidzukulu zathu zidzakhala ndi maina angati a kuno pakamwa pao?

Cifukwa cace ndikupemphani zinthu zapafupi, zosalira ndalama. Mwana wanu wa ku Joni akaimba lamya, musathere nthawi yonse pa za feteleza ndi malata; itanitsani zidzukulu, mulankhule nazo m'Ciyao kapena m'Cicewa, ngakhale ziyankhe mau awiri okha. Ziuzeni dzina la mudzi, la mwini mbumba, la mfumu, ndi mfunda wao, ndipo wodziwa kulemba alembe zimenezi m'kope, pamodzi ndi maina a onse amene adacoka pamudzi ndi caka cimene adacokera, nkhalamba zozidziwa zisanatisiye. Ndipo wa machona akadzafika pakhomo, kaya ndi mwana kaya ndi mdzukulu, mpatseni mpando ndi madzi musanayang'ane cikwama cake. Akulu adati cibale ndi pfupa, siciola.

Nyimbo zija ndammasulira msuweni wanga zitatu. Yacinai yandikanika, pakuti mau ake aphwanyika kwambiri, ndipo anganga anena kuti adzaikonza okha mwini wake akadzaimba pamaso pao. Ndidzakuuzani m'mene ulendowo udzayendere.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni pamodzi ndi ana anu a paulendo.

Ndine wanu,
Katekisti wa ku Namwera