WOWERUZA ANATI MIYEZI 18, NANGA IMFA ANAWONJEZERAPO NDANI?

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu, mafumu, anyakwawa, ndi inu nonse amene mumamva kalata uyu akamawerengedwa pa bwalo:

Sabata latha tinaika maliro a mnyamata wa m'mudzi mwathu muno. Dzina lake sindilemba, pakuti amai ake alira kokwanira. Nonse mudziwa kuti anamangidwa chifukwa cha mbuzi, ndipo mudziwanso kuti mbuziyo anabadi. Woweruza anamupatsa miyezi 18. Anachoka kuno ali mnyamata wosenza yekha thumba la chimanga kuchokera ku dimba. Anabwerako ali mafupa okhaokha, miyendo yotupa, thupi lonse mphere, akutsokomola usiku wonse. Pakhomo anakhala miyezi itatu yokha. Ife amene tinakumba manda ake tinafunsana funso limodzi, ndipo funso lomwelo ndalibweretsa kwa inu: woweruza anati miyezi 18, nanga imfa anawonjezerapo ndani?

Dziko lino silinapachike munthu chiyambire chaka cha 1992. M'chaka cha 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Khoti Lalikulu linagamula kuti si chilungamo kuweruza kufa munthu aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha popanda kuyamba mwamva mmene zinachitikira. Zimenezo nzabwino, ndipo sititsutsa. Koma pamene chingwe cha ku Zomba chili kupuma, njala, chifuwa chachikulu ndi kuthithikana zili kugwira nchito ya chingwe usana ndi usiku. Ndipo izi sizifunsa mlandu ai. Zimatenga wakupha munthu, zimatenga wakuba nkhuku, zimatenganso munthu amene sanaonekebe pamaso pa woweruza aliyense.

Ambiri a inu simunalowepo m'ndende, tsono ndikuuzeni zimene amanena amene anatulukamo. Ndende ya ku Zomba inamangidwa m'chaka cha 1935 kuti isunge anthu mazana ochepa, koma yakhala ikusunga oposa 2,000. Ndende zonse za dziko lino pamodzi zinali ndi malo a anthu pafupifupi 7,000 m'chaka cha 2020, pamene akaidi anali oposa 14,000. Zitseko amatseka dzuwa likadali m'mwamba, natsegula mmawa mwake. Amene ali ndi mwai, kapena amene amvana ndi nyapala, agona m'mbali mwa khoma. Otsalawo akhala pakati, malo amene akaidi amatcha shamba: akhala pansi m'mizere, wina pakati pa miyendo ya mnzake, mutu pa msana wa wam'tsogolo, kufikira kucha. Mazenera ndi ang'ono, mpweya ndi womwewo. Mmodzi akakhala ndi chifuwa chachikulu, onse apuma mpweya wake usiku wonse. Chakudya ndi kamodzi pa tsiku, nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo. Munthu womwa mankhwala otalikitsa moyo, amene adokotala amamuuza kuti azidya bwino, adya chomwecho.

Alimi anzanga, ndani wa inu angaike ng'ombe 20 m'khola la ng'ombe 10, nazipatsa msipu kamodzi pa tsiku, nadabwa poona zili kufa?

Wina adzati izi ndi zonena za mlembi wa nthambi amene afuna kudetsa Boma. Iai. Khoti la Boma lomwelo linanena kale. Mkaidi wina dzina lake Gable Masangano anasumira Boma m'malo mwa akaidi onse a m'dziko lino, ndipo m'mwezi wa Novembala 2009 oweruza a Khoti Lalikulu anagamula kuti kuthithikana kotere pamodzi ndi kusowa mpweya ndi nkhanza zochotsa munthu ulemu wake, zimene malamulo aakulu a dziko aletsa. Maloya a Boma anati ndalama palibe. Khoti linakana yankho limenelo, nilipatsa Boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Werengani nokha pa zala: miyezi 18 inatha m'chaka cha 2011. Kuchokera pamenepo maboma asinthana, zipani zalowa ndi kutuluka, nduna zalumbira ndi kuchotsedwa, koma akaidi anangochulukirachulukira. Mnyamata wathu uja anapatsidwa miyezi 18 ndi khoti, naitsiriza yonse osatsala tsiku. Boma linapatsidwa miyezi 18 ndi khoti, ndipo palibe nduna kapena bwana mmodzi amene anagonapo m'chitokosi chifukwa chosamvera.

Kumbukiraninso mwezi wa Okutobala 2022, pamene mawailesi ndi manyuzipepala analengeza kuti chakudya chatha m'ndende zina, ndipo akaidi anakhala masiku osalawa kanthu. Ife a kumudzi njala tiidziwa. Koma ife njala ikafika titha kupita kukagwira ganyu, kukakumba zikhawo, kukapempha kwa achibale. Munthu wotsekeredwa alibe kopita. Amene wamutsekera ndiye ayenera kumudyetsa, ndipo akapanda kutero wamupha ndi manja ake, ngakhale sanamukhudze. Chodabwitsa nchakuti ndende zina, monga Mikuyu ndi Makande, zili ndi minda, ndipo akaidi amalima. Tifuna kuuzidwa poyera matumba angati amatuluka m'mindamo chaka ndi chaka, ndi kuti amapita kuti.

Tsono ndiyankhe mau amene ndinamva pa maliro pomwepo, ochokera kwa munthu wamkulu amene ndimamulemekeza. Iye anati, wakuba akafa m'ndende ife tilire chiani, si iwowa amene atimaliza mbuzi ndi chimanga cha m'munda? Bambo, mkwiyo wanu ndiumva. Inenso anandiberapo, ndipo usiku umene ndinapeza khola lili pululu ndikanamugwira wakubayo sindidziwa chimene ndikanachita. Wakuba alangidwe ndithu, ndipo nthambi yathu sinanenepo kuti ndende zitsegulidwe onse atuluke. Koma chilango chili ndi muyeso wake, ndipo muyesowo aika ndi woweruza. Tikavomera kuti wakuba mbuzi afe ndi njala m'ndende, tasiyana pati ndi aja otentha munthu ndi matayala pa msika? Kusiyana kwake nkwakuti aja achita masana anthu akuona, pamene ife tichita mobisa, ndi ndalama za msonkho wathu.

Ndipo ngati chifundo sichikukhudzani, ganizani za nyumba yanu. Akaidi ambiri sakhala m'ndende moyo wonse, amatuluka. Chifuwa chimene munthu watenga m'shamba muja sichitsala pa chipata. Chikwera naye minibasi, chilowa naye m'nyumba, chigona pa mphasa imodzi ndi mkazi wake ndi ana ake. Asilikali a ndende nawonso apuma mpweya womwewo, napita nawo ku mabanja ao madzulo. Pa iwowa ndinene mau amodzi: ambiri ndi ana a alimi ngati ife, a malipiro ochepa, ndipo si iwo amene amagawa ndalama za dziko. Wankhanza pakati pao adzudzulidwe ndi dzina lake, koma mlandu waukulu uli ku Lilongwe.

Funsaninso kuti ndani amene adzaza ndendezi. Pitani tsiku loona akaidi, muyang'ane amai amene aima pa mzere ndi timiphika tao. Mudzaona zitenje zakutha ndi mapazi a fumbi. Magalimoto simudzawaona ambiri. Munthu wa ndalama akamangidwa, loya wake afika tsiku lomwelo, belo ipezeka, ndipo akadwala agonekedwa ku chipatala chabwino. Wosauka alowa chifukwa walephera kulipira chindapusa, kapena chifukwa analibe womuimira pa belo, kapena chifukwa fayilo yake yasowa. Kwa zaka zambiri apolisi ankagwira anthu pa mlandu wongopezeka akuyenda usiku, pogwiritsa nchito lamulo la vakabu limene atsamunda anatisiyira, kufikira m'Januwale 2017 pamene Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Blantyre amene anamugwira m'bandakucha akupita ku malonda ake, anapambana ku Khoti Lalikulu ndipo gawo limenelo linathetsedwa. Wogulitsa majumbo anachita chimene aphungu a Nyumba ya Malamulo analephera kuchita kwa zaka zoposa 50 za ufulu.

Malamulo otiteteza alipo, koma anthu a kumudzi sauzidwa. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko linena kuti munthu womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48, ndiponso kuti wosungidwa m'ndende apatsidwe chakudya chokwanira ndi mankhwala, Boma ndilo lilipire. Belo ya ku polisi ndi yaulere. Lamulo la kazengedwe ka milandu, monga linakonzedwa m'chaka cha 2010, linaika malire a masiku amene munthu angakhale pa rimandi mlandu wake usanayambe: masiku 30 pa milandu ya kwa majisitireti, masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga yakupha. Koma tonse tamvapo za anthu amene akhala zaka akudikira. Pa milandu ing'onoing'ono khoti lili ndi mphamvu yolamula munthu kugwira nchito yothandiza anthu ali pakhomo pake, monga kusesa pa chipatala kapena kukonza pa sukulu. Mnyamata wa mbuzi uja akanaumba njerwa za sukulu yathu nabweza mbuzi ya mwini wake, lero tikanakhala ndi kalasi, mwini mbuzi akanakhala ndi mbuzi, amai ake akanakhala ndi mwana. Mmene zachitikiramu palibe wapindula kanthu.

Achikulire amene muli pakati pathu, inu simuyenera kuphunzitsidwa za ndende. Munaona masiku a malimidwe, pamene alimi ankalipitsidwa ndi kumangidwa chifukwa cha mizere ndi migula ya m'minda yao yomwe. Munaona tsiku la 3 Marichi 1959, pamene Bwanamkubwa Armitage analamula kuti atsogoleri a Congress agwidwe usiku. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ena ku Kanjedza, ena ku Gweru ndi ku Khami m'dziko la Southern Rhodesia, ndipo oposa 50 anaphedwa. Masiku amenewo kukhala mkaidi unali ulemu, ndipo midzi inkasonkha ufa kuthandiza mabanja a omangidwa. Tinkati ufulu ukabwera zotere zidzatha. Ufulu unabwera mu 1964, koma makiyi anangosintha manja: Dzaleka ndi Mikuyu zinadzaza ndi ana a dziko lino. Orton Chirwa, amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 anzake ali m'ndende, nakhala nduna ya zachilungamo, anafera m'ndende ya ku Zomba pa 20 Okutobala 1992, atakhala m'ndende zaka pafupifupi 11. Ngati munthu wotero anafera mmenemo, inu ndi ine tili ndi chitsimikizo chanji kuti mwana wathu sadzalowamo? Gawo 42 lija analemba anthu amene anali atangoona zimenezi ndi maso ao, ndipo sanalembe kuti ufuluwo ndi wa akaidi a ndale okha.

Pali mlandu wina umene uli pa ife eni, osati pa Boma. Munthu akatuluka m'ndende timamulandira bwanji? Apeza munda wake alanda achibale, nyumba yagwa, mkazi wabwerera kwao. Kukasowa nkhuku m'mudzi, dzina loyamba kutchulidwa ndi lake. Ganyu amukaniza, ku tchalitchi anthu asendera kutali. Mnyamata tinaika uja anakhala milungu ingapo ali kutsokomola m'nyumba popanda mmodzi wa ife kumukweza pa njinga kupita naye ku chipatala, kumene mankhwala a chifuwa chachikulu apatsidwa ulere ndipo munthu achira akamwa mokhulupirika miyezi isanu ndi umodzi. Pamene tinaganiza zotero kunali kutachedwa. Ine amene ndilemba kalata uyu nyumba yanga ili pafupi ndi yao, ndipo sindinapite.

Chifukwa chake komiti ya nthambi yagwirizana izi. Banja lililonse limene lili ndi m'bale m'ndende kapena m'chitokosi cha polisi libwere kwa mlembi ndi dzina lake, tsiku limene anamangidwa, kumene ali, ndiponso ngati anaonekera ku khoti. Amene apitirira masiku a lamulo tidzatengera maina ao kwa majisitireti ndi ku ofesi ya Legal Aid, imene inakhazikitsidwa kuthandiza anthu osowa ndalama za loya. Mafumu tiwapempha kuti munda wa munthu womangidwa usagawidwe iye ali moyo, ndi kuti milandu ya nkhuku ndi ya malire iyambe yakambidwa pa bwalo isanathamangire ku polisi. Aliyense wotuluka m'ndende aperekezedwe ku chipatala sabata loyamba kukayezetsa makhololo, ndipo achinyamata a nthambi ndiwo adzapereka njinga.

Kwa aphungu a dera lino talemba kalata yokhala ndi mafunso atatu oti akafunse nduna m'Nyumba ya Malamulo: akaidi angati anafera m'ndende chaka chatha ndipo anafa ndi chiani; ndalama zingati zimaperekedwa pa chakudya cha mkaidi mmodzi pa tsiku; ndi liti chigamulo cha 2009 chidzatsatidwa. Akadzabwera kuno kudzapempha mavoti tidzawawerengera kalatayo pamaso pa anthu, ndipo tidzafuna yankho la manambala.

Msonkhano uli Loweruka likudzali masana, pa bwalo la a gulupu. Amai abwere ndi mbale imodzi ya ufa kapena ya mtedza pa banja. Gulu loyamba lokaona akaidi a kuno kwathu linyamuka Lamulungu mmawa.

Mlembi wa Nthambi