Ngongole Imutsate Mwana Kutsidya kwa Malire

Yunivesite ya Malawi isanatsegulidwe mu 1965, ana a dziko lino ofuna maphunziro apamwamba ankapita ku Makerere ndi ku Fort Hare, nabwerako kudzatumikira mtundu wao. Lero Boma lathu, kupyolera m'bungwe la HESLGB lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, limakongoza ophunzira osauka ndalama za fizi ndi zodyera. Ichi nchoyamikika. Komatu thandizoli limafikira iwo a m'makoleji ovomerezeka a m'dziko muno.

Taganizani za mwana wa ku Marka, m'boma la Nsanje. Kwao ndi pamalire penipeni, ndipo Chisena chake chimamvekanso ku Beira. Akapeza malo pa yunivesite kumeneko, adzadya chiyani, nagona pati? Makolo ake ndi alimi, amene kawirikawiri madzi osefukira amawalanda dzinthu m'munda.

Pangano la maphunziro la SADC, losainidwa ku Blantyre mu 1997, lidati wophunzira wa m'chigawo chino azilipira fizi monga mwini dziko. Koma fizi yotsika sithetsa njala.

Chotero tipempha Boma kuti ngongole ya chakudya ndi pogona imutsate mwanayo, malinga alonjeze polemba kuti adzabweza. Nzeru adzatengazo zidzabwera kuno kwathu.